Phunziro la Mbiri: A Wallace Gusler ndi Luso Losula Gogodera

Khalani pansi, tulutsani makope. Lero phunziro lathu tilichitira ku chipala, pakati pa makala ndi nyundo, ndipo munthu amene titsate ntchito yake ndi a Wallace Gusler a ku Virginia, m'dziko la America. Bambo ameneyu anatha zaka zoposa 40 akusula, kusema, kufufuza ndi kuphunzitsa za mfuti zothira wonga kukamwa, zija kuno timati gogodera.

Wina asakanamize makolo kuti aphunzitsi ayamba kuphunzitsa kupanga mfuti. Kuno kwathu kupanga kapena kusunga mfuti popanda chilolezo cha boma ndi mlandu wolowa nawo m'ndende, ndipo gogodera zosula mobisa, zonga zimene opha nyama mozemba amalowa nazo m'nkhalango ya Kasungu, zimatha kuphulikira mwini wake kumaso. Chimene ndikufuna muone n'china. Luso limatha kufa ngakhale zinthu zimene linapanga zikadali pakhoma. Likafa chotero, kodi munthu angalidzutse bwanji?

Virginia musaiyese dera lachilendo kwenikweni. Mzinda wa Lynchburg, kumene John Chilembwe anakaphunzira zaubusa atapita ku America mu 1897, uli komweko. Kuchoka pamenepo kulowera kumadzulo, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pa galimoto, mufika ku mapiri a kufupi ndi Roanoke, kumene a Gusler anakulira.

Tiyambe ndi mfutiyo, chifukwa simungamvetse mmisiri musanadziwe chimene amapanga. Ili ndi zigawo zitatu. Pali mpope wachitsulo, wotseka kumbuyo ndi wotsegula kukamwa. Pali mtengo umene mpopewo umagonamo, womwe thako lake limatsamira paphewa. Ndiye pali loko, kamakina kam'mbali koyatsa moto. Wowombera amaimika mfuti, kuthira wonga kukamwa, kuikapo chipolopolo cha mtovu chobulungira, n'kuchitsindira pansi ndi ndodo. Wonga wina pang'ono amauthira m'kambale ka pa loko. Akakoka kachitsulo ndi chala, kanyundo kogwira mwala wolimba wotchedwa flint kamagwa n'kukhula chitsulo, timoto n'kugwera m'kambale muja, moto n'kudutsa pa kabowo kulowa mumpope. Loko wamtunduwu anakhwima ku France kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, ndipo analamulira nkhondo ndi uzimba kwa zaka pafupifupi 200.

Apa tcherani khutu, poti funso la mayeso lingachokere pomwepa. Mfuti zambiri za nthawi imeneyo, monga Brown Bess ya asilikali a Britain, kapena zimene mafakitale a ku Birmingham ankatumiza ku Africa kuno, zinali ndi mpope wosalala mkati. Chipolopolo chinkatuluka chikugundagunda m'mbali, ndipo kupitirira mamita 100 kulasa kunali kwa mwayi. Koma amisiri olankhula Chijeremani anali atadziwa kale kuti ukalemba timizere tozungulira mkati mwa mpope, chipolopolo chimatuluka chikuzungulira ndipo chimayenda molunjika. Mukudziwa nguli: ikamazungulira imaima chilili, ikaleka imagwa. Chipolopolo n'chimodzimodzi.

Ajeremani amenewa atasamukira ku Pennsylvania, makamaka dera la Lancaster, m'zaka za m'ma 1700, anaisintha mfuti yawo yaifupi yosakira nyama kuti igwirizane ndi nkhalango za dziko latsopanolo. Mpope anautalikitsa kupitirira mita imodzi, bowo analichepetsa kuti mtovu ndi wonga, zomwe zinali zodula, zizipita pang'ono. Chipolopolo ankachikulunga m'kansalu kopaka mafuta kuti chigwire timizere tija. Inatuluka mfuti yaitali, yowonda, yolasa pa mamita 200 ndi kupitirira. Amisiri monga Jacob Dickert a ku Lancaster anatchuka nayo, ndipo luso linatsika ndi anthu osamuka kulowa m'zigwa za Virginia, Carolina ndi Tennessee. Pa nkhondo yomenyera ufulu wa America, anyamata a Daniel Morgan anavutitsa nayo asilikali a Britain ku Saratoga mu 1777. Koma inali ndi chilema chake: msilikali wa mpope wosalala ankatha kuwombera katatu pa mphindi imodzi, pamene wa mfuti yaitaliyi ankawombera mwina kamodzi kokha, ndipo analibe poika mpeni kutsogolo.

Chinaipha si nkhondo, koma fakitale. M'busa wina wa ku Scotland, Alexander Forsyth, analembetsa mu 1807 njira yoyatsira wonga popanda mwala. Kenako kunabwera chipolopolo chokhala ndi wonga wake m'chikopa cha mkuwa, cholowetsera kumbuyo kwa mfuti. Mafakitale a boma ku Springfield ndi ku Harpers Ferry anaphunzira kupanga zigawo zofanana ndendende, moti loko wa mfuti iyi ankakwana pa mfuti iyo. Mmisiri wa kumudzi akanapikisana nawo bwanji? M'zaka za m'ma 1900 luso linatsala ndi amisiri ochepa m'mapiri a Appalachia, monga a Hacker Martin a ku Tennessee. Mu 1933 okonda mfuti zakalezi anakhazikitsa bungwe la National Muzzle Loading Rifle Association, lomwe mpaka lero limachitira mipikisano yake ku Friendship, m'dera la Indiana. Anthu osonkhanitsa zinthu zakale analemba mabuku okongola, monga la Joe Kindig la mu 1960. Komatu mabukuwo ankaonetsa mfuti itatha kale. Za mmene dzanja linkayendera kuti ifike pamenepo, amisiri akale sanalembe zambiri. Akanalembera yani? Mnyamata ankalowa m'nyumba ya mmisiri ali ndi zaka ngati 14, n'kutulukamo ali ndi zaka 21, zonse ataziona ndi maso.

A Gusler anayamba kupanga mfuti zoterezi ali mnyamata wa sukulu m'zaka za m'ma 1950, kumangoyesa, kulakwitsa, n'kuyesanso. Mu 1962 analowa ntchito ku Colonial Williamsburg. Malowa ndikufotokozereni, pakuti kuno kulibe ofanana nawo. Williamsburg linali likulu la Virginia kuyambira 1699 mpaka 1780. Kuyambira 1926, m'busa wina dzina lake W. A. R. Goodwin, ndi ndalama za mpondamatiki John D. Rockefeller Jr., anayamba kukonzanso mzindawo kuti uoneke monga unalili nthawi ya atsamunda. Muli osula, opala matabwa, osindikiza mabuku, osoka nsapato, onse ovala zakale ndi kugwira ntchito ndi zipangizo zakale alendo akuonerera. Kumeneko a Gusler anakhala mkulu woyamba wa nyumba ya osula mfuti, ndipo anadzipatsa ntchito imene palibe anali ataichita kwa zaka zambiri: kupanga mfuti yonse, kuyambira chitsulo chosasula ndi thabwa losapala, popanda magetsi, popanda chigawo chogula.

Nanga popeza aphunzitsi ake anali kumanda, anafunsa yani? Anafunsa mfuti zomwezo. Mmisiri aliyense amakongoletsa kunja, koma mkati, mmene diso la wogula silifika, amasiya mapazi a zipangizo zake. Ukamasula mfuti yakale n'kuyang'ana pansi pa mpope, upeza mzere wa pamene chitsulo chinalumikizidwa. Ukayang'ana m'kati mwa mtengo, uona ngati anagoba ndi tchizulo chowongoka kapena chokhota, kuyambira mbali iti. Pa mkuwa uona ngati unathiridwa mu mchenga kapena unasulidwa. A Gusler ankawerenga zizindikirozi, kuwerenganso mndandanda wa katundu wa amisiri akale umene unkalembedwa munthu akamwalira, kenako n'kupita ku chipala kukayesa. Njira ikasiya zipsera zosiyana ndi za pa mfuti yakale, ndiye kuti si imeneyo, ayambenso. Ine ndimati uku n'kufufuza mbiri kwenikweni, kosasiyana ndi kwa munthu wovundukula mapepala ku nyumba yosungira zakale ku Zomba. Kusiyana kwake n'kwakuti umboni wa a Gusler umayenera kutuluka pa moto.

Tsopano titsate ntchitoyo, ndipo pa mpope tichedwapo, poti m'pamene pali mtima wa nkhani. Ambiri mukuganiza kuti amatenga chitsulo chobulungira n'kuchiboola. Ayi. Amayamba ndi chitsulo chaphanthiphanthi, chachitali, n'kuchitenthetsa, n'kuchipinda kuti m'mbali mwake mukumane. Pamene pakumanapo payenera kulumikizika ndi moto ndi nyundo basi. Chitsulo chimatenthedwa mpaka kuyera, pang'ono kuti chiyambe kupsa. Mmisiri amachitulutsa msanga, mnyamata wake n'kulowetsa kandodo kachitsulo kozizira m'kati kuti bowo lisatsekeke, nyundo n'kugwa kangapo, kandodo n'kutulutsidwa kasanakanirire. Nthawi yonseyi ndi masekondi ochepa, ndipo palumikizika kachigawo kosaposa kutalika kwa chala. Abwezere pamoto. Mpope woposa mita imodzi ufuna kubwerera pamoto kambirimbiri, ndipo malo amodzi okha akalumikizika mwachinyengo, kunja kukuoneka bwino koma mkati muli mng'alu, ntchito yonse yapita. Palibe choyezera kutentha. Mmisiri amaona mtundu wa chitsulo ndi timoto timene tikuthetheka, n'chifukwa chake chipala chimakhala chamdima pang'ono. Ndiuzeni, ana inu, buku lingakuphunzitseni bwanji mtundu umenewo?

Bowo lotuluka pamoto limakhala lokhotakhota ndi lokhakhala. Amalikulitsa ndi zitsulo zopota, kenako kulisalaza ndi chitsulo chachitali cha ngodya zinayi, chokhala ndi kamtengo kumbali imodzi. Chikaleka kudya, amaika kapepala kamodzi pakati pa chitsulo ndi kamtengoko, n'kudutsitsanso. Taganizani: muyeso wa ntchitoyi ndi kuchindikala kwa pepala. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano munthu wopupuluma alibe malo. Mkati mukawala, amayang'ana pa kuwala kwa zenera ngati mpope wawongoka. Kunja amakupala ndi tupa mpaka kukhala ndi mbali zisanu ndi zitatu, konenepa kumbuyo, kowonda pakati, n'kukulanso pang'ono kukamwa, kuti mfuti yaitali chotero isalemere kutsogolo.

Timizere tija amatilemba pa benchi lalitali. Pali mtengo wobulungira wojambulidwa kale mizere yozungulira, ndipo ukamakankhidwa umazungulira pang'onopang'ono, n'kuzungulitsa ndodo yokhala ndi kadzino kachitsulo m'kati mwa mpope. Mmisiri amayenda kupita, kubwerera, kupita, kubwerera, mzere umodzi, kenako wotsatira, kawirikawiri mizere isanu ndi iwiri, n'kuonjezera kapepala pansi pa kadzino, n'kuyambanso. Akatseka kumbuyo kwa mpope, amauyesa ndi wonga wopitirira muyeso, iye ataima patali. Ukapirira, ndiye wayenera kuyandikira tsaya la munthu.

Zotsalazo tidutsa mofulumira, ngakhale kuti chilichonse ndi ntchito ya mmisiri payekha. Loko amamusula kachidutswakachidutswa, ndipo chovuta ndi masipuling'i: akauma kwambiri amathyoka, akafewa sabwerera. Zokongoletsa za mkuwa amazisungunula n'kuzithira m'chikombole cha mchenga. Mtengo wokondedwa ndi maple wa mizeremizere. Pofuna kuti mpope ugone bwino m'mtengomo, amaudetsa ndi mwaye, kuugoneka, kuuchotsa, n'kupala pokhapo pamene mwaye wadetsa, mpaka chitsulo ndi mtengo zitagwirana popanda mpata. Pamapeto amasema maluwa pa thako, kulemba pa mkuwa ndi siliva, kudetsa mtengo ndi asidi ndi kutentha, n'kupaka mafuta. Werengani: wosula, wosungunula mkuwa, wopala matabwa, wosema, wolemba pa chitsulo. Ntchito zisanu m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo mfuti imodzi imadya maola pakati pa 300 ndi 400.

Mu 1969 Colonial Williamsburg inatulutsa kanema wa pafupifupi ola limodzi wotchedwa Gunsmith of Williamsburg, woonetsa a Gusler akupanga mfuti kuyambira pachiyambi mpaka kuiwombera. Amisiri ambiri a mfuti zakale ku America lero amanena kuti kanemayu ndiye anawakoka. Mfuti imene inapangidwa m'kanemamo ndi imodzi, koma anthu amene anatola tupa atauonera ndi osawerengeka.

Komabe ndikuuzeni chinthu chimene kanema wokoma angakubisireni. Amisiri ambiri a m'zaka za m'ma 1700 sankapanga zonse okha. Maloko ambiri ankabwera pa sitima kuchokera ku England ndi ku Germany, otchipa kuposa osula pamanja. Mipope ankatha kugula kwa amisiri a mipope yokhayokha okhala ndi zigayo zoyendera madzi. Ndipo m'tauni ngati Williamsburg, kumene kunali amisiri monga John Brush ndi a banja la Geddy, ntchito yaikulu ya tsiku ndi tsiku inali kukonza mfuti zowonongeka. Mmisiri wakale sanali wopusa kuti athe sabata akusula chimene akanagula pa sitolo. Choncho nyumba ya a Gusler inkachita zoposa zimene munthu mmodzi ankachita kale. Kodi limeneli ndi bodza? Ine ndikuti ayi, malinga alendo auzidwe zoona. Cholinga sichinali kutsanzira sitolo imodzi, koma kusonkhanitsa pa denga limodzi maluso onse amene anali atamwazikana n'kutayika.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 a Gusler anachita chinthu chodabwitsa ambiri: anasiya chipala n'kukhala woyang'anira mipando, makabati ndi zida zakale za pamalopo. Diso lija lowerenga zipsera za tchizulo analitembenuzira pa mipando, ndipo mu 1979 anatulutsa buku la Furniture of Williamsburg and Eastern Virginia, 1710–1790, loonetsa kuti mipando yabwino yambiri imene anthu ankayesa yochokera kwina inapangidwa ndi amisiri a ku Virginia komweko. Chipala sichinazime, chifukwa anali ataphunzitsa a Gary Brumfield, mnzawo wa kumudzi, amene anatenga udindo wa mkulu wa osula mfuti. Apa m'pamene pali muyeso wa mphunzitsi: atachoka, ntchito inapitirira. M'zaka za m'ma 1990 a Gusler anabwereranso ku chipala kukatsogolera kachiwiri.

Kuphunzitsako sikunathere m'mpanda wa Williamsburg. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, bungwe lija la ku Friendship mogwirizana ndi Western Kentucky University ku Bowling Green lakhala likuchititsa maphunziro chaka ndi chaka, kumene anthu wamba amakhala masiku angapo pa benchi limodzi ndi akatswiri. A Gusler ndi a Brumfield anaphunzitsako, pamodzi ndi amisiri ena monga a John Bivins ndi a Hershel House a ku Woodbury, Kentucky, amene mfuti zawo za zitsulo zosula m'malo mwa mkuwa zinayambitsa kapangidwe kodziwika ndi dzina la mudzi wawo. A Gusler analembanso nkhani zambiri m'magazini ya Muzzle Blasts ndi kujambulitsa makanema ophunzitsa kusema ndi kulemba pa chitsulo. Kale mmisiri ankabisa njira zake poopa wopikisana naye. M'badwo uwu unaona kuti mdani wake si mmisiri mnzake, koma kuiwalika, ndiye unayamba kugawa poyera.

Ndaona ena mukusirira, choncho ndikukumbutseni mbali ina. Mfuti yokongolayi ndi yomwe inali m'manja mwa atsamunda pamene ankalanda malo a eni dziko la America. Mu Williamsburg momwemo, m'zaka za m'ma 1770, pafupifupi theka la anthu anali akapolo ochokera ku Africa ndi ana awo. Ndipo kuno, m'zaka za m'ma 1800, gogodera ndi wonga zinkakwera kuchokera kugombe la nyanja ya mchere kudzasinthidwa ndi minyanga ya njovu ndi anthu, kudzera m'madoko monga Nkhotakota kwa Jumbe. Luso la dzanja tilisirire, koma mbiri ya chinthucho tiinene yonse.

Lero ku America munthu angathe kugula zigawo zonse za mfuti yaitali zodulidwa kale ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta, iye n'kungolumikiza, kusalaza ndi kupaka mafuta. Mfuti yoteroyo imalasa bwino, ndipo mpope wake wa chitsulo chamakono ndi wodalirika kuposa wolumikiza pamoto. Ena amati izi zikupha luso, ena amati zikukopa achinyamata amene pambuyo pake amafuna kuphunzira zovutazo. Ine ndili kumbali ya achiwiriwa, koma ndi mawu amodzi: pakhale malo ena, ngakhale amodzi, pamene wina akulumikizabe mpope pamoto, mnyamata ataima pambali ndi kandodo kozizira kaja. Malowo akatsekedwa, padzafunika Gusler wina woti ayambenso kufunsa zipsera.

Zoterezi zinatichitikira ndi ife. M'madera a Kasungu ndi m'mapiri a Aphoka kumpoto mukadali ng'anjo zadothi zimene makolo athu ankayengeramo chitsulo kuchokera ku miyala. Ntchitoyo inazilala cha m'ma 1930, makasu a m'sitolo ndi zitsulo zakutha atachuluka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, akatswiri ofufuza zakale, Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery, anapempha nkhalamba zimene zinaona ntchitoyo zili ana kuti ziyatsenso ng'anjo, ndipo anapeza kuti kukumbukira ndi mutu n'kwina, kutulutsa chitsulo n'kwinanso.

Ntchito ya kunyumba nayi, lembani. Pezani mmisiri mmodzi kwanuko, kaya wosula makasu ndi nkhwangwa, wokhoma zidebe, wosema mitondo kapena woumba mbiya. Mumufikire mwaulemu, osati ngati wapolisi. Mufunse kuti anamuphunzitsa ndani, ndipo iye akuphunzitsa yani. Mufunsenso chigawo cha ntchito chimene mphunzitsi wake ankachita ndi manja koma iye anasiya chifukwa amagula kapena amatola chopangidwa kale. Kenako mupemphe akuonetseni chinthu chopangidwa ndi mmisiri wina, akuuzeni mmene wadziwira kuti si dzanja lake. Masamba awiri, ndilandire Lolemba.